Nyali Imene Ndinazimitsa

1

"Safa ayi. Amangoiwala."

"Kuiwala chiyani?"

"Munthu amene lawi lake laweramira. Nkhope, mawu, zonse zimene anachitira limodzi. Zina zonse zimatsala. Adzadziwa kumanga nsapato, adzadziwa njira ya kuchipinda kwake. Iweyo ndiye sadzakudziwa."

Ankayankhula chonchi anali azakhali anga, mkulu wa chipinda cha nyali m'nyumba ya Mfumukazi. Wofunsayo ndinali ine, mwana wa mchimwene wawo, amene nyumba yonse inkangonditchula Kamwaye chifukwa mphuno yanga sinkasowa mwaye.

Kwa inu amene simunalowepo mkati mwa mpanda, ndifotokoze. Aliyense wokhala m'nyumba yachifumu ali ndi nyali yake. Tsiku lolowa ntchito, kapena tsiku lobadwa ngati ndiwe wa m'banja lachifumu, umapumira pa chingwe chatsopano ndipo chimayaka chokha. Nyali zimenezi zimakhala pa mashelefu m'chipinda chimodzi chopanda mphepo, ndipo lawi lililonse limaweramira nyali ya munthu amene mwini wake amamukonda koposa onse. Palibe dzina lolembedwa pa nyali. Odziwa kuti iyi ndi ya uje ndife osamalira basi.

Choncho tinkadziwa zambiri. Tinkadziwa wophika amene mtima wake unali kwa mkazi wa mlonda, ndi phungu amene ankakonda mlamu wake kuposa mkazi wake. N'chifukwa chake lamulo linali lolimba pa ife: wosamalira nyali sanena zimene waona, sakwatiwa, ndipo sakondedwa ndi munthu amene nyali yake amaithira mafuta. Mfundo yachitatuyi inkandiseketsa. Lamulo loletsa mvula kugwa pa denga lako, nkumalanga denga.

Ena onse anaphunzitsidwa kuti nyali ikazima, mwini wake wafa. Inenso ndinkakhulupirira zimenezo mpaka m'mawa umenewo.

"Bwanji mukundiuza lero?" ndinafunsa.

Azakhali analoza ndi chibwano shelefu yapamwamba. Lawi la mwana wa Mfumukazi, wolowa ufumu, linali litagona chammbali ngati udzu wa m'madzi oyenda. Linkaloza pansi, pakona pafupi ndi tsache, pamene panali nyali yaing'ono ya galasi long'aluka. Yanga. Ndipo langa linkaloza m'mwamba, kwa iye.

"Kwatsala masiku atatu kuti bwalo lione nyali za chitomero chake," anatero. "Manja anga wawaona mmene akunjenjemera. Chingwe chatsopano chiyenera kuyaka utsi wa chakalecho usanathe, apo ayi munthu amasokonezeka mutu. Ine sindingathenso. Nyali yakeyo uzimitsa ndiwe."

2

Ndikuuzeni mmene tinadziwirana, kapena mmene ndinkaganizira kuti tinadziwirana.

Miyezi isanu m'mbuyo mwake ndinatsikira kosungira mafuta ndi zigubu ziwiri. Ndinapeza mnyamata atakhala pa mgolo, miyendo ili lendelende, akulimbana ndi mphete ziwiri zawaya zolowana.

"Iwe wa mwaye pamphuno," anatero osadzutsa mutu, "umatha kumasula zinthu?"

"Ndimatha kumasula mgolo umene mwaukhalirawo, mukachokapo."

Anaseka, n'kundiponyera mphetezo ndi dzanja lamanzere. Zinali za masewera aja ofuna kuti ulekanitse mphete ziwiri popanda kupinda waya. Ndisanaganize n'komwe, zala zanga zinapotoza kawiri, n'kukankha kamodzi, mphete zili padera.

Anatsika pa mgolo. "Ine zandidyera miyezi itatu."

"Mwina mutu wanu uli ndi ntchito zina zofunika."

"Ulibe. Funsa aphungu." Anazilowetsanso n'kundipatsa kachiwiri. "Ndinazipeza m'thumba la jekete langa. Sindikudziwa anandipatsa ndani."

Nditabwerera kumtunda ndinafunsa azakhali kuti wamanzere uja anali ndani. Anagwetsa chotsekera cha chigubu.

"Ndi mwana wa Mfumukazi. Umutalikire."

Zinandidabwitsa pang'ono kuti ndagwira ntchito m'nyumba imeneyi zaka zinayi osaonapo nkhope ya wolowa ufumu, munthu amene ngakhale amphaka a kukhitchini ankamudziwa. Zinandidabwitsanso kuti waya wa mphete zija unali wofanana ndi umene timamangira magalasi a nyali, wopotedwa kumapeto mmene ndimapotera ine. Ine amene ndimadzitama kuti palibe mwambi umene umandigoneka ndi njala, ndinaona zizindikiro ziwiri zimenezi n'kuzidutsa. Chikondi chimapusitsa, koma chimayamba ndi ochenjera.

Kuyambira pamenepo mafuta ankatha msanga m'chipinda chathu. Ndinkatsika kawiri pa tsiku. Iye ankabwera ndi miyambi yopusa imene ankapeka pa misonkhano ya bwalo, ine ndinkamupangira mphete zina zovuta. Ndinkamutchula Wamanzere, monga ankamutchulira antchito akale akakhala okha. Mayi ake okha ndi amene sankamutchula choncho. Kwa iwo anali "wolowa ufumu", ngakhale patebulo la chakudya.

"Amandiyang'ana ngati kalata yofunika kusaina," anandiuza tsiku lina.

Sindinamuuze kuti lawi la mayi ake linali chilili ngati msomali, losaweramira aliyense.

3

Tsiku lomwelo limene azakhali anandiuza za kuzimitsa, a Nduna Yaikulu anabwera masana. M'chipinda cha nyali salowa munthu wina, ngakhale Mfumukazi, choncho anaima pa kazenera ka pachitseko, akumwetulira ngati abwera kudzaona wodwala.

A Nduna ndi amene ankayendetsa dziko. Mfumukazi ankasaina, a Nduna ankasankha choti asaine. Tsopano ankafuna kuti mwana wawo wamkazi, amene tonse tinkamutchula Dona, akwatiwe ndi wolowa ufumu. Theka la aphungu silinkafuna, poopa kuti banja limodzi lidzagwira mpando ndi mwendo womwe. Koma mwambo wa bwalo unali woti nyali za otomerana ziikidwe patebulo pamaso pa onse, ndipo ngati lawi la mnyamata laweramira nyali ya mtsikana, palibe phungu angatsutse.

"Mayi a nyali, zikuyenda?"

"Zikuyenda, bwana."

"Uyu ndiye mwana wathu uja?" Anandiyang'ana mokoma. "Wakula. Mwanawe, azakhali ako akuuza? Lawi longoyatsidwa kumene ndi lopusa, tsiku loyamba limatsata nyali iliyonse imene ili pafupi. Tikufuna tsiku limodzi lokhalo. Zina zidzadzikonza zokha m'banja."

"Nanga akadzakhala kuti sakumukonda?"

"Ndani anakuuza kuti mpando umafuna chikondi? Umafuna matako." Anaseka okha. Kenaka nkhope inasintha. "Sindine chilombo, mwanawe. Ndili ndi adani. Tsiku limene ndidzagwe, mwana wanga adzamudya osatafuna. Pampando pokha ndi pamene sangamufikire. Ukadzabala udzamvetsa."

"Lamulo silindilola kubala, bwana."

"Ndiye sudzavutika kumvetsa." Anagogoda chitseko ndi chala. "Mlonda wanga adzaima pano m'mawa wa tsikulo. Akadzaona utsi, adzandiuza. Akapanda kuuona, azakhali ako akafotokozere bwalo chifukwa chimene anabisira kuti wosamalira nyali wakola mwana wa Mfumukazi. Chilango chake ukuchidziwa."

Ndinkachidziwa. Chingwe, koma osati cha nyali.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti sankanama. Nyali ya a Nduna ndinkaipukuta m'mawa uliwonse, chifukwa lawi lake linkaweramira nyali ya Dona mwamphamvu mpaka kudetsa galasi mbali imodzi. M'chipinda chonsecho munalibe lawi lina lokhulupirika chotero.

Madzulo ake ndinakumana ndi Dona pa makwerero. Anali mtsikana wamanyazi, wa msinkhu wanga, amene ankapepesa ngakhale kwa mpando akaugunda.

"Kamwaye, ndikufunse? Ndikudziwa kuti saloledwa kunena." Anatsitsa mawu. "Za mwana wa Mfumukazi sindikufunsa, ndili ndi maso. Koma lawi la bambo anga, likadali kwa ine? Masiku ano amangokamba za mpando."

"Sindiloledwa kunena, Dona."

"Amayi atamwalira ankandiluka tsitsi okha. Moipa, anzanga ankandiseka. Koma ankadzuka m'mamawa kuti andiluke asanapite kubwalo."

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Nsalu zanga zopukutira zimathera pa nyali imodzi," ndinatero. "Sindinanene kanthu."

Anandigwira dzanja lamwaye lomwelo n'kulifinya. Kumbukirani zimenezi, chifukwa inenso sindinaziiwale.

4

M'mawa mwake azakhali anandiphunzitsa kachitidwe kake pa nyali wamba. Kutsina lawi ndi zala zonyowa, kuzula chingwe, kulowetsa chatsopano, kuchigwiritsa ku utsi. Ndinabwereza mpaka zala zinachita matuza.

"Chakalecho timataya kuti?"

"Sititaya. Muli mpweya wa munthu. Pansi pa nyali iliyonse pali kabokosi. Ukankhe apa."

Zaka zinayi ndikupukuta nyali, sindinkadziwa kuti tsinde lake limatseguka. Azakhali atapita kukadya, ndinakwera pa makwerero n'kutsitsa nyali ya Wamanzere, kuti ndione ngati kabokosi kake sikanachite dzimbiri.

Munali zingwe ziwiri zopsa.

Ndinakhala pansi. Kenaka ndinakwawa mpaka pakona pa tsache n'kutsegula kabokosi ka nyali yanga. Ziwiri.

Azakhali anandipeza nditayala zinayi zonse pa nsalu.

"Ziwiri kuphatikiza ziwiri," ndinatero. "Ndithandizeni masamu, zakhali. Sukulu yanga ndi yochepa."

Anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Kawiri konse analamula ndi a Nduna. Koyamba unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Munakumana kosungira mafuta. Kachiwiri, chaka chatha. Ndinakusintha ntchito, ndinakuletsa kutsika, koma munakumana kochapira. Ulendo uno mwabwereranso ku mafuta, ngati mbuzi zozolowera munda."

"Mphete zija ndinapanga ndine."

"Ndinasecha m'chipinda chake chonse. Thumba la jekete ndinaliiwala."

"Ndinkalira?"

"Ayi. Unkadzuka, n'kufunsa ngati tiyi wapsa." Anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ndi chimene chinkandiopsa. Ndinakulera ine, mwana wa achimwene anga. Ukanakonda ndikuone uli pa chingwe?"

"Munandifunsa?"

"Ndikanakufunsa ukanati chiyani?"

"Chimene ndikunena lero."

"Ndiye n'chifukwa chake sindinakufunse." Anakhala pa mpando wawo. "Ukatha yake, uzimitse yako. Ndi chifundo chokha chimene ntchito ino ili nacho. Mawa lake udzadzuka wopepuka."

Ndinapinda nsalu ija n'kuiika m'thumba. Masana onse azakhali ali kochapitsa nsalu, ndinayenda shelefu ndi shelefu, kutsegula kabokosi kalikonse. Ndikayamba mwambi sindisiyira panjira.

5

Tsiku lotsatira ndinatsika ndi zigubu. Anali pa mgolo wake.

Ndinamuyalira zingwe zija n'kumuuza zonse. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sanachitepo. Kenaka anatola chingwe chimodzi n'kuchinunkhiza.

"Ndiye kuti ndakufunsira katatu?"

"Zikuoneka choncho."

"Ndipo katatu konse unavomera? Kamwaye, ulibe maso?"

"Musandiseketse, nkhani ndi yoopsa."

"Ndikudziwa." Anaimirira. "Ndipita kwa amayi."

"Akakufunsani umboni, a Nduna adzati zingwe ndapsereza ndekha. Azakhali adzapachikidwa lisanalowe dzuwa."

"Tithawe."

"Nyali zathu zitsala pa shelefu. Tidzafika patsidya pa mtsinje, n'kuyang'anana, n'kufunsana kuti pepani, ndinu ndani."

Anakankha mgolo ndi phazi. "Ndiye uzimitsa."

"Akufuna utsi. Ndiwapatsa utsi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona kuti akufuna kundipempha kuti ndisatero, ndipo ndinaona akumeza mawuwo chifukwa cha azakhali. Anatulutsa mphete zija, n'kuzilekanitsa, tsopano anali atazolowera, n'kundipatsa imodzi.

"Yotsalayi ndiibisa mu nsapato. Ndikadzakufunsanso ngati umatha kumasula zinthu, usadzandivutitse. Udzangoti eya."

"Ndidzakuvutitsani. Ndi mbali yokhayo imene ndimaikonda."

"Kachinayi, ndiye."

"Mawa mukandiona m'bwalo musandiyang'ane," ndinatero, n'kunyamula zigubu zanga zopanda kanthu. Ndinaiwala kuthira mafuta.

6

M'mawa wa tsikulo mlonda wa a Nduna anaima pa kazenera, mphuno ili pa chitsulo. Kwa iye nyali zonse zinali zofanana, ngati nkhuku za eni.

Ndinakwera makwerero, ndinatsitsa nyali, ndinaiika patebulo. Ndinanyowetsa zala. Azakhali anayang'ana nyaliyo, n'kuyang'ana ine, n'kugwira pakamwa.

"Mwanawe."

"Mundigwirire chingwe chatsopano, zakhali. Utsi sudikira."

Ndinatsina. Lawi linafa pakati pa zala zanga popanda phokoso, ngati nsabwe. Utsi unakwera woonda, wabuluu. Ndinazula, ndinalowetsa, ndinagwiritsa ku utsi. Lawi latsopano linadzuka laling'ono, lowongoka, losadziwa kanthu.

"Waona?" ndinafunsa mlonda.

"Ndaona." Anapita.

Bwalo linadzaza dzuwa lili pamutu. Aphungu anakhala mbali ziwiri monga mwa nthawi zonse, ofuna ukwati kumanja, okana kumanzere, onse atavala nkhope za pamaliro a munthu wolemera. Mfumukazi anali pampando. Wamanzere anaima pambali pawo, maso ali kutsogolo. Ndinalowa ndi thireyi yovundikira nsalu, azakhali ali pambuyo panga. Wamanzere sanandiyang'ane.

A Nduna analowa mochedwa, mapepala ali kukhwapa, akuyenda bwinobwino. Kolala ya mkanjo wawo inali itapindika. Dona anachoka pamalo pake n'kupita kukaikonza, monga ankachitira nthawi zonse.

A Nduna anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu. "Ndinu a kuti?"

Aphungu ena anaseka, poyesa nthabwala za tsiku la chitomero. Dona anasekanso pang'ono.

"Bambo, kolala yanu."

"Ndikonza ndekha, zikomo." Anatembenukira kwa mlembi. "Mtsikanayu wabwera ndi ndani? Ndipo pepala ili likuti chitomero. Chitomero cha yani?"

Kuseka kunatha. Dzanja la Dona linatsala m'malere.

Ndinavundukula thireyi. Panali nyali zitatu, osati ziwiri. Ndinaika ya Dona kumanja, ya Wamanzere pakati, ndipo kumanzere ndinaika kanyali ka galasi long'aluka. Lawi lapakati silinazengereze. Linafulatira nyali ya Dona n'kugona kwa yanga, langa n'kulichingamira, mpaka magalasi awiriwo anayamba kuda mbali zoyang'anana. Lawi la Dona linkaloza pakhomo, kuchipinda cha nyali, kumene ndinasiya nyali ya bambo ake.

"Nyali yachitatuyo ndi ya ndani?" anafunsa Mfumukazi.

"Ndi yanga, mayi."

Phokoso linabuka. Ndinakhuthula nsalu ija patebulo, zingwe zinayi, n'kuwonjezera chachisanu chimene chinali chikadali chofunda. Ndinafotokoza zonse, mokweza, kuti ngakhale phungu wogontha wa kumapeto amve: kuti nyali ikazima munthu safa, kuti a Nduna analamula kawiri kuti ine ndi mwana wa Mfumukazi tiiwalitsidwe, kuti lero analamula kachitatu.

"Ndipo wazimitsa ya ndani?"

"Ya amene analamula."

A Nduna ankamvetsera mwachidwi, ngati nkhani ya munthu wina. Za kuzimitsa nyali ankazikumbukira, ndinaona m'maso mwawo. Chimene sankachipeza ndi chifukwa chake.

Mfumukazi anakweza dzanja, bwalo n'kukhala chete. Anayang'ana azakhali.

"Mayi a nyali. Pansi pa yanga pali zingati?"

Azakhali anagwada. "Chimodzi, mayi. Chaka chija munadwala mutu, mwana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Nduna anati mumamvera mwana kuposa bwalo."

Mfumukazi anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mnyamata amene anaima pambali pawo. Anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kumanja.

"Ndinkakutchula ndani?"

"Wamanzere," anayankha. "Munayambitsa ndinu."

7

Anandizenga mlandu masiku anayi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinasangalala nawo.

Lamulo lolembedwa limati wozimitsa nyali wapha munthu, ndipo aphedwe. Ndinapempha kuti abweretse mtembo. A Nduna anali atakhala pamzere woyamba, akudya mtedza. Woweruza anati ndiye mlandu ndi wa kuiwalitsa munthu. Ndinapempha kuti andiwerengere ndime imene imatchula mlandu umenewo. Palibe, chifukwa kuilemba kukanakhala kuvomera kuti zimachitika.

"Mukhoza kuilemba lero," ndinatero. "Koma mukatero mutsegule timabokosi tonse, bwalo lione amene analamula chingwe chilichonse. Ine ndinawerenga. Zilipo makumi anayi ndi chimodzi. Azakhali akukumbukira mwini wa lamulo lililonse, ndipo si a Nduna okha."

Aphungu a kumanja ndi a kumanzere, amene sanagwirizanepo ngakhale za mtundu wa makatani, anagwirizana tsiku limenelo kuti nkhaniyi yatalika. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Unatsala mlandu wokondedwa. Woweruza atautchula, Wamanzere anaimirira.

"Wokondayo ndine. Muyambe ndi ine, chingwe chake chikhale chachitali, ndine wamtali."

Mfumukazi anagamula okha: ine ndi azakhali tichoke mkati mwa mpanda, chitomero chafa, a Nduna apume pa ntchito. Anthu auzidwe kuti adwala matenda a ukalamba. Kenaka anawonjezera chinthu chimene sichinachitikepo: kuti ndinyamule nyali yanga.

"Komanso ya mwana wanga," anatero. Anaima kaye, ngati akulawa mawuwo. "Ya mwana wanga aisunge yekha."

Ndikutuluka pachipata ndi katundu pamutu, ndinapeza Dona akundidikira. Tsitsi lake linali losaluka.

"Unandiuza kuti nsalu zako zimathera pa nyali yawo."

"Zinali zoona."

"Ndiye unadziwa chimene ukuzimitsa."

"Ndinadziwa."

"Ine ndinakulakwira chiyani, Kamwaye?"

"Palibe."

Anadikira kuti ndiwonjezere. Ndinalibe chowonjezera chimene sichikanakhala bodza.

"Bambo amandipatsa moni m'mawa uliwonse," anatero. "Amandifunsa ngati chipinda cha alendo chili bwino."

8

Papita miyezi isanu ndi itatu. Ndili ndi kabenchi pa msewu wa osula, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa sopo. Ndimakonza nyali wamba, zimene zikazima umangoyatsanso. Azakhali amakhala pambali n'kumandiuza kuti ndikulakwitsa. Bwalo likukanabe kuti wolowa ufumu akwatire wamwaye, ndipo iye akukanabe wina aliyense, choncho aphungu akukalamba ndi misonkhano. Lachiwiri ndi Lachisanu amabwera atavala chipewa chimene akuganiza kuti chimamubisa. Msewu wonse umamudziwa. Wosoka nsapato amamutchula mlamu.

Ndalemba izi chifukwa mwakhala mukumva kuti a Nduna anadwala ukalamba. Sanadwale. Ndinawazimitsa ine, ndi zala ziwiri izi, dzuwa likuwala.

Ena mwa inu mudzati Dona analibe mlandu. Mukunena zoona. Ndinkadziuza kuti chikondi chenicheni chimabwerera, poti chathu chinabwerera kawiri, ndipo ndikanatha kumaliza nkhaniyi pamenepo kuti mundikonde. Koma ndalemba kuti ndiulule, ndiye nachi chimene sindinauze woweruza, kapena Wamanzere. Tsiku lija ndinatsegula timabokosi tonse, ndinatsegulanso ka Mfumukazi. Ndinaona chingwe chija, chakale, chofumbwa, ndipo ndinayang'ana lawi lawo lili chilili patatha zaka khumi ndi zitatu. Ndinadziwa kuti nthawi zina sichibwerera. Ndinadziwa ndisananyowetse zala.

Wosamalira watsopano amandiuza kuti Dona amapita pa kazenera Lolemba lililonse. Safunsa kanthu, amangoyang'ana nkhope ya wosamalirayo. Lawi la bambo ake likadali chilili.

Zimandipweteka, koma musayembekeze kuti ndipepese. Kwa Dona ndingagwade mpaka mawondo atachita zipsera. Kwa bambo ake, ndi kwa aphungu amene anadzaza timabokosi ndi zingwe za akazi awo, ana awo ndi antchito awo, ayi. Iwo anazimitsa makumi anayi ndi chimodzi n'kumatchedwa olemekezeka. Ine ndinazimitsa imodzi. Anandibera zaka ziwiri za moyo wanga zimene sindidzazikumbukira, mawu oyamba amene mnyamata uja anandiuza, ngakhale tsiku limene ndinapota mphete zija. Anabera mwana mayi ake ali moyo. Palibe anatifunsa. Ndiye tsiku limene mpeni unafika m'dzanja langa, mukufuna ndikanaubweza n'kuloza pakhosi panga mwaulemu?

Musanandilembere makalata a malangizo, khalani kaye pamene ndinaima ine. Mlonda ali pa kazenera, akudikira utsi. Utsi ukapanda kukwera, azakhali anu apachikidwa. Patsogolo panu pali nyali ya munthu amene mumamukonda, pali yanu, pali ya munthu amene anakuzimitsani kawiri, ndipo ameneyo ali ndi mwana wabwino amene anakufinyani dzanja pa makwerero. Zala mwanyowetsa kale.

Inu mukanazimitsa ya ndani?